Za Mfotokozi, ndi Mabuku Amene Tiphunzitsa Nao

Abale, aphunzitsi ndi akatekisti a ku Machinga ndi Balaka, tiyeni tiyese mabuku athu pa phunziro la mfotokozi, ndiwo mau onena makhalidwe a cinthu.

Alexander Hetherwick, amene anayamba misyoni ya Domasi m'caka ca 1884, analemba buku la galamala ya Ciyao (1889) ndi lina la Cinyanja (1901). Nchito yace njotamandika ndithu. Koma tisaiwale kuti analembera Azungu, m'Cingerezi, kuti iwo aphunzire kulankhula nafe. Mphunzitsi wotenga njira ya mlendo, naipereka kwa mwana wa m'mudzi, alakwa.

Taonani Citeki, cinenero ca ku Turkey. Kumeneko mfotokozi atsogola, dzina litsata, ndipo mfotokoziyo sasintha konse: büyük ev ndiyo nyumba yaikuru, büyük evler ndizo nyumba zazikuru. Cingerezi cicita comweco. Cifukwa cace woyamba kuphunzira zinenerozi angaloweze mndandanda wa afotokozi, napindula nao.

Kwathu sikutero. Dzina litsogola, mfotokozi nabvala cobvala ca dzinalo. Masinde eni eni ngowerengeka, monga -kuru, -ng'ono, -tari, -fupi, -wisi, -kazi ndi -muna. Ndipo agwirizana ndi dzina kawiri: mtengo wa-u-tari, cimanga ca-ci-wisi, nsomba za-zi-ng'ono. Afotokozi ocuruka tiwapanga ndi mneni, monga madzi ozizira, Mzimu Woyera. Kapena ndi dzina lina, monga mkazi wanzeru, denga la udzu. Buku loika atatu onsewa m'dengu limodzi, cifukwa Cingerezi ciwacha dzina limodzi, lisokoneza ana.

Tsono ana ambiri a ku Liwonde, Ntaja ndi Ulongwe alankhula Ciyao kwao. Mwana wonena mundu jwamkulungwa adziwa kale kugwirizanitsa kawiri, monga ife tinena munthu wamkuru. Cuma cimeneci abwera naco ku sukulu. Ife ticisiya pakhomo, ndi kumpatsa mau ouma oti aloweze.

Langizo lathu ndi ili. Musalembe mfotokozi pa bolodi popanda dzina lace. Gwirani mpando, lichero, mbale. Ana anene okha m'Ciyao, nabwereze m'Cinyanja, ndipo lamulo alipeze iwo eni. Buku likhale pa gome lothangata inu, koma phunziro liyambe m'kamwa mwa mwana.