Kulimbirana Mpando m'Cipani ca UNIP

Pa tsiku la 31 October m'caka ca 1991 anthu a m'dziko la Zambia anaponya mavoti, ndipo cipani ca UNIP, cimene cinagwira boma zaka 27, cinagwa. Pa mipando 150 ya m'Nyumba ya Malamulo cinapulumutsako 25 yokha. Yotsalayo inapita ku cipani ca MMD ca a Frederick Chiluba. Koma mwa mipando 25 ija, 19 inali ya cigawo ca kum'mawa, ndiyo mipando yonse ya cigawoco. Dziko lonse litatembenuka, Acewa, Angoni, Ansenga, Akunda ndi Atumbuka anakhala ciimire. Sikunali kodabwitsa kwenikweni, pakuti a Reuben Kamanga, amene anayamba kukhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko m'caka ca 1964, ndi a Grey Zulu, mlembi wamkulu wa cipanico zaka zambiri, onsewo anali ana a kum'mawa. Cifukwa cace mlandu wa yemwe adzatsogolere cipani cogonjaco sunali wa ku Lusaka kokha ai. Unakhudza koposa anthu a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, amene anali mzati wotsala wa nyumbayo.

Poyamba zinthu zinaoneka ngati ziyenda mwa dongosolo. A Kenneth Kaunda anabvomera kugonja napereka boma mwamtendere, cinthu cimene atsogoleri a mu Africa sanali kucita kawiri-kawiri masiku amenewo, ndipo pa ici ayenera kutamandidwa. M'caka ca 1992 anatula udindo wa m'cipani, ndipo msonkhano unasankha a Kebby Musokotwane, mphunzitsi wocokera ku cigawo ca kum'mwera, amene anali nduna yaikulu kuyambira 1985 kufikira 1989. Koma cipanico cinatanganidwa ndi funso lakuti ndani, nicilambalala funso lakuti cifukwa ninji. Zifukwa za kugonjako sizinali zobisika: mtengo wa ufa, umene unautsa cipolowe mu Lusaka m'mwezi wa June 1990, mizere ya anthu odikira sopo ndi mafuta ophikira, ndiponso lamulo la cipani cimodzi la 1972, limene linazoloweretsa akulu a cipani kulankhula popanda wowayankha. Mlimi amene cimanga cace cafota sayamba ndi kusintha mpini wa khasu. Ayamba wafukula pansi, aone ngati ndi ciswe kapena kaufiti.

Pano pali cinthu cimene munthu wa kumudzi acizindikira msanga koposa wophunzira. Kwa Gawa Undi ku Mkaika, kapena kwa Mpezeni ku Ephendukeni, mwambo ndi wakuti mfumu yatsopano silongedwa yakale ikali ndi moyo. Cipani si ufumu, koma anthu a UNIP anakhala ndi mtsogoleri mmodzi kuyambira 1960, kotero kuti m'mitima mwao mpandowo unasanduka ufumu. Tsono mwini dzina ali moyo, akali kuyenda ndi mpango wace woyera m'dzanja, wolowa m'malo akadaoneka bwanji? Anaoneka ngati wosungira mnzace mpando. A Musokotwane analandira dzina la udindo, koma mitima ya anthu inatsala kwa mwini wace wakale.

Ming'alu inaonekera poyera m'mwezi wa March 1993, pamene boma linalengeza kuti lapeza kalata yochedwa Zero Option, yonena za njira zolisokonezera, nilimanga akulu ena a UNIP, pamodzi ndi a Wezi Kaunda, mwana wa mtsogoleri wakale. A Musokotwane anapezeka pakati: ku boma anali mtsogoleri wa adani, ndipo kwa ena a m'nyumba yao yomwe anali munthu wofatsa mopitirira. Mau oitana a Kaunda kuti abwerere anakula, ndipo pa msonkhano wa m'mwezi wa June 1995 awiriwo anapikisana. A Kaunda analandira mavoti 1,916, a Musokotwane 400. Wogonjayo sanakhalitse, anamwalira m'mwezi wa February 1996.

Amene anaitana nkhalambayo anali ndi zifukwa zao, ndipo sikuyenera kuzipeputsa. Cilala ca 1992 cinasautsa anthu. Boma latsopano linacotsa dzanja lace pa malonda a cimanga, ndipo mlimi wa kum'mawa, amene anazolowera kulandira feteleza wa ngongole ndi kugulitsa zokolola zace ku makopaletivu, anatsala m'manja mwa ogula oyendayenda. Munthu wotere, pokumbukira masiku akale, sakadakumbukira a Musokotwane. Ndiponso ndi zoona kuti a Kaunda akaimirira pa msonkhano anthu anali kusonkhana. Koma khamu la pa msonkhano silinayankhe funso lija lolambalalidwa. Cipani cinabwezera kwa anthu munthu yemweyo amene atatu mwa anai alionse oponya voti anamkana zaka zinai zapitazo, osanena cimene cidzasinthe.

Cotsatira cace cinadza msanga. M'mwezi wa May 1996 boma la MMD linasintha malamulo a dziko, kuti wofuna kukhala mtsogoleri wa dziko akhale wobadwa kwa makolo a m'Zambia onse awiri. Makolo a a Kaunda anacokera ku Nyasaland, atate ao a David Kaunda atatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukagwira nchito ku Chinsali. Lamulo lomwelo linatsekereza mafumu ku ndale, ndipo waciwiri wao, a Inyambo Yeta, anali mfumu. Linali lamulo loipa, losokedwa pa msinkhu wa munthu mmodzi monga telala asokera malaya, ndipo palibe coliyeretsa. Koma linalasa kolimba cotero cifukwa cipani cinadzimangirira cokha pa munthu mmodziyo. Cikadatha kuimika wina. Kapena, pokana mpikisano wa utsogoleri wa dziko, cikadatha kuteteza mipando yace ya m'Nyumba ya Malamulo. M'malo mwace cinakana cisankho conse ca m'mwezi wa November 1996. Apa ndipo pagona colakwa cacikulu koposa zonse. Anthu a kum'mawa, amene anaima nji pamene ena onse anathawa, anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo mipando imene anaisunga m'caka ca 1991 inatengedwa ndi ena popanda nkhondo. Cipani cimene ciribe phungu cilankhulira kuti za feteleza ndi mseu wa ku Lundazi?

Zotsalazo zinena zokha. A Wezi anaphedwa ndi mfuti mu Lusaka m'mwezi wa November 1999. A Kaunda anatulanso udindo m'caka ca 2000, nasankhidwa a Francis Nkhoma, amene sanathe nao caka cathunthu mwamtendere. M'caka ca 2001 mpando unapita kwa a Tilyenji Kaunda, mwana kulowa m'malo mwa atate wace, monga acitira Angoni. Caka cimeneco UNIP inapeza mipando 13. Pofika 2011 inalibe ndi umodzi womwe. A Tilyenji anakhala pampandopo kufikira 2021, pamene analowa a Trevor Mwamba.

Ndipo MMD, imene inaseka, inapita njira yomweyo. Itagonja m'caka ca 2011, a Rupiah Banda, mwana wa ku Chipata amene anakulira mu UNIP naona zonsezi ndi maso, anatula udindo, ndipo m'caka ca 2012 anasankhidwa a Nevers Mumba. A Michael Sata atamwalira m'mwezi wa October 2014, a Banda anafuna kuimiranso cipanico. Mlandu unakafika ku bwalo lalikulu la milandu, limene linagamula mokomera a Mumba. Pa cisankho ca m'mwezi wa January 2015 a Banda anacirikiza a Edgar Lungu a cipani ca PF, ndipo a Mumba sanapeze ngakhale voti limodzi pa mavoti 100 alionse.