Nkhope Zosasintha za ku Mua

M'nyumba ya Chamare ku Mua, m'boma la Dedza, muli zigoba za Gule Wamkulu zopitirira 400. Zidasonkhanitsidwa pansi pa utsogoleri wa Bambo Claude Boucher Chisale, amene adakhazikitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976. Ntchitoyi njotamandika ndithu, komabe tikaima pamaso pa nkhope zopachikidwazo timaona kuti zikupereŵera kanthu.

Taonani Chadzunda. Mmisiri adamsema ndi makwinya, mano ogweluka ndi ndevu za ukalamba, ndipo nkhope imeneyo siisintha. Mlendo poiona ili duu amangoti ndi nkhalamba yokwiya. Koma pabwalo Chadzunda amaloŵa motsimphina, ali ŵeramu, anthu nkumumvera chisoni. Ng'oma zikakolera msana uja umawongoka, fumbi koboo, amayi nkululutira. Nkhope ndi yomwe ija, koma taonapo kufooka, kenaka nyonga, kenaka chimwemwe. Tazionera pati? M'mapewa, m'mapazi, ndi m'nyimbo imene amayi akuyankha.

Ife amene sitipita kubwalo phunziro lomweli lidatipeza m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udativeka masiki. Kansalu kaja kankabisa pakamwa, pomwe pamaonekera kumwetulira ndi kunyansidwa, nkutisiyira maso okha. Paja kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ambiri sankadekha: munthu wotopa ankamuyesa wokwiya, wamanyazi nkumuyesa wamwano. Amene adavutika koposa ndi abale athu osamva, omwe amatola mawu poyang'ana milomo ya wolankhula. Kwa iwo kansaluko kadali ngati chitseko chotseka. Komabe pamaliro panalibe wosokonezeka kuti namfedwa ndi uti. Mayendedwe ake ankanena zonse, monga kutsimphina kwa Chadzunda.

Apa mpamene nyumba yosungira zinthu imafika polekezera. Imatha kusunga mtengo wosemedwa, nthenga, dzina ndi tanthauzo lake, ndipo Chamare imachita zimenezi mosamala. Koma kutsimphina sikupachikika. Pamene bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu m'chaka cha 2005, lidalemekeza gule yense, ng'oma ndi nyimbo zomwe. Mwana wa sukulu amene waona Chadzunda m'nyumbamo mokha amabwerera kwao akudziŵa dzina ndi makwinya, koma sadziŵa chimene amayi amalulutira.