Makoma Olankhula Chilatini ku Mtunthama

Mlendo wofika mumzinda wa Milan ku Italy amamuonetsa zinthu zitatu asanamwe n'komwe madzi: linga la banja la Sforza, nyumba zosungiramo zakale zomwe zili m'kati mwa lingalo, ndi tchalitchi chachikulu cha Duomo chomwe adayamba kumanga mu 1386. Chilichonse mwa izi chili ndi wochifotokoza, ndipo alembi akwawoko adachilemba mpaka zolembera kutha. Nanga mlendo akatsika basi pa Lisasadzi, pakati pa minda ya fodya ya ku Kasungu, ife timamuonetsa chiyani? Ambiri timathamangira naye ku Mtunthama kuti akaone Kamuzu Academy. Tiyeni tsono tiisanthule sukuluyi monga tichitira ndi buku, pakuti nayonso ili ndi mlembi wake, chilankhulo chake, ndi anthu omwe idawalembera.

Luso lilipo, tisakane. Njerwa zofiira zidayalidwa mwaudongo, makomo ndi makonde n'zokhota pamwamba ngati uta monga ankamangira Aroma, nsanja ya wotchi imaonekera patali, ndipo dziwe lokumba lili patsogolo pake limabweza chithunzi cha zonsezi m'madzi. Nyumba yowerengeramo mabuku adaimanga potengera Library of Congress ya ku Washington. Dr Hastings Kamuzu Banda atatsegula sukuluyi mu 1981 adafuna kuonetsa kuti mwana wa mlimi angathe kuwerenga Julius Caesar ngati mwana wa ku England. Cholinga chimenecho sichinali chopusa, ndipo madokotala ndi maloya omwe adatuluka pamenepa ndiwo mboni.

Pomwe ndimakaikira mpakuti makomawa amalankhula ndi yani. M'masiku a Kamuzu, Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza, aphunzitsi onse anali azungu, ndipo Chichewa chinalibe malo m'kalasi. Komatu mwini sukuluyo ndiye adakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndipo ankadzudzula anthu pamsonkhano chifukwa chochilankhula mopotoka. Pafupi ndi sukuluyi pali mtengo wa kachere womwe iye adaphunzirapo a, e, i, o, u ali mwana. Mtengowo ndi Mchewa weniweni, koma nyumba yomwe adamanga poukumbukira idavala jekete la eni ake. Mlendo wochokera ku Italy akaiona amangomwetulira, poti waona chithunzi cha kwawo. Za ife sanaphunzirepo kanthu.

Tikafuna linga, Kasungu ali nalo m'mbiri yake. David Livingstone adafika kwa Mfumu Mwase mu 1863. Kumapeto kwa 1895 asilikali a boma la atsamunda, motsogozedwa ndi Alfred Swann ndi Edward Alston, adathyola linga la Mwase Kasungu, ndipo boma lidamanga linga lake n'kulitcha Fort Alston. Taonani, dzina la wogonjetsa lidalowa m'mapu. Nanga usiku womwe lingalo lidagwa udali wotani? Amayi adathawira kuti ndi ana kumbuyo? Samuel Josia Ntara adatisiyira Mbiri ya Achewa, buku lomwe adalilemba pofunsa akuluakulu, koma ife obwera m'mbuyo mwake tangolisandutsa pobisalira. Timalitchula dzina osapitiriza ntchito yake, chonsecho nkhalamba zodziwa nkhanizi zikutha ngati nkhuni pamoto.

M'nkhalango ya Kasungu National Park muli ng'anjo yomwe makolo ankasungunuliramo chitsulo, muli zojambula pamiyala, ndiponso mabwinja a midzi ya malinga. Khasu lomwe lidayamba kutembenuza dothi la chigwa chino lidabadwira m'ng'anjo zotere. Koma wopita kumeneko amakafuna njovu basi.

Wina anganene kuti vuto ndi ndalama. Ine ndikuti akaone ku Mua m'boma la Dedza. Kumeneko wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, yemwe anthu adamupatsa mfunda woti Chisale, adayambitsa malo a KuNgoni mu 1976. Nyumba ya Chamare ili pamenepo imasunga zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, ndipo makoma ake adajambulidwa mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pali ena amadandaula kuti zakudambwe siziyenera kupachikidwa poyera, ndipo dandaulo lawo n'lomveka ndithu. Komabe nyumbayo imalankhula ndi munthu wa pa Mua m'mawu omwe iye akuwadziwa. Mzungu adamanga nyumba yolankhula Chichewa, Mchewa n'kumanga yolankhula Chilatini. Nkhani imeneyi payokha ndi sewero lomwe palibe adalilemba.

Tibwerere ku Lisasadzi. Nyumba zazitali zomwe zadzadza chigwachi ndi mabalani owotchera fodya ndi zigafa zoyanikamo masamba pamikangala. Palibe amazijambula pakalendala. Koma chuma cha Kamuzu, yemwe kampani yake ya Press inali ndi maesiteti ambiri a fodya m'boma lino, sitingachilekanitse ndi nyumba zimenezi. Wosirira nsanja ya ku Mtunthama ayenera kudziwanso za tenanti yemwe ankalandira chimanga pangongole kwa bwana, n'kulima ndi mkazi ndi ana omwe, n'kudzamva mabelo atapita ku okushoni kuti watsala ndi ngongole. Utenanti adauletsa mwalamulo mu 2021. Anthu omwe adaukhala moyowo akadalipo, ena pa Chinkhoma pomwepa, ndipo amakumbukira mtengo wa ndowa ya chimanga chaka ndi chaka.

Ndawerenga nkhani ndi ndakatulo zambiri za alembi anzanga zotchula Kasungu. Zochuluka zimatamanda phiri, n'kutchula Nguru ya Nawambe, n'kuthera pa Ngwazi. Mlembi amaima panja pa mpanda ngati mlendo, kuwerenga mazenera. Sindinapezebe yemwe adalowa m'balani usiku wa mwezi wa Febuluwale, moto ukufunika kusonkhezera mpaka mbandakucha, n'kutiuza zomwe amuna awiri oyang'anira motowo amakambirana kuti asagone.