Msenzakatundu wa pa Mendi

Mbalule, yamba ndiwe. Mpanje, vomera. Lero ng'oma tailozetsa ku Avalon, manda aakulu a ku Soweto, kumene agona Hector Pieterson, Lilian Ngoyi ndi Joe Slovo, kumenenso kuli chikumbutso cha anthu amene nyanja inakana kuwabweza.

Inu Msenzakatundu! Inu Msilikali wa fosholo! Inu Chitsikagombe, amene munachoka kwanu ndevu zisanamere! Tikuti inu, ngakhale munali mwana kwa ife, chifukwa wotsogola kumanda ndiye wamkulu.

Ndinu amene munakwera sitima ya Mendi ku Cape Town mu Januwale 1917, nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati, amuna oposa 800 a gulu la South African Native Labour Corps. Yunifomu anakuvekani, nambala anakupatsani, mfuti anakumanani. Ati munthu wakuda asaphunzire kuloza mzungu. Ntchito yanu ku France inali yotsitsa katundu padoko, kugwetsa mitengo, kuswa miyala, kukonza misewu yoti ena adutsepo ndi mendulo zawo.

Gunda, lira pansipansi.

Lagos munamuona, Plymouth munafika. Kunatsala kuwoloka kamtunda kochepa kupita ku Le Havre. Ndiye m'bandakucha wa pa 21 Febuluwale, chifunga chili bii pafupi ndi Isle of Wight, chisitima cha Darro chinabwera chili paliwiro, n'kubaya Mendi m'nthiti. Ena anafera m'tulo, m'zipinda za pansi. Ena anathamangira pamwamba, nyanja ili zii ngati matalala, ambiri mwa iwo osadziwa n'kusambira komwe. Ola lisanathe theka, Mendi anali atamira.

Inu Wokuwa m'chifunga! Inu Mgwirathabwa, amene zala zinauma musanalitaye! Inu Mlendo wa madzi a eni! Darro sanatsitse bwato ndi limodzi lomwe. Opulumuka anatoledwa ndi Brisk, sitima yankhondo imene inkakuperekezani. Woyendetsa Darro anangomulanda chiphaso kwa chaka chimodzi. Chaka chimodzi, abale, pa anthu oposa 600. Pamenepa ng'oma ikhale chete kaye.

Ambusa Isaac Dyobha anali nanu momwemo, mkulu pakati pa anyamata, ndipo dzina lawo limatchulidwa chaka ndi chaka. Lanu latsala pamwala, ku Hollybrook mu mzinda wa Southampton ndi ku Avalon, lomangowerengedwa ndi munthu amene waima n'kufatsa. Anzanu amene anabwerako amoyo, boma la South Africa linawamana mendulo. Zaka 78 zinapita, mpaka 1995, pamene Mfumukazi Elizabeth II anabwera ku Avalon, Nelson Mandela ali pambali pake, kudzatsegulira chikumbutso chanu. Belu la Mendi linabwera ku South Africa mu 2018. Inu simunabwere.

Inu Wosaikidwa! Inu Mwini maliro opanda bokosi! Inu amene amayi anu anatchera khutu kunjira mpaka maso kuchita khungu, nsima yanu ikuzizira m'mbale!

Wina afunsa: Amalawi a ku Joni mukulira maliro a Mxhosa, Mzulu ndi Msotho, mwasowa anu? Ayi, mtolo wake ndi womwewo. Pa nkhondo yomweyo, imene kwathu tinaitcha Chiwaya, agogo athu a mtengatenga ankasenza mabokosi a zipolopolo pamutu kulowera ku Karonga mpaka ku German East Africa, akugwa ndi njala ndi kamwazi m'mbali mwa njira. John Chilembwe anadandaula kale mu 1914 kuti osauka akufera nkhondo ya eni. Ku Zomba kuli nsanja ya King's African Rifles, koma amtengatenga ambiri alibe ngakhale mwala. Tikamatamanda inu, Msenzakatundu, tikutamandira momwemo amtengatenga athu amene sanalembedwe paliponse.

Mbandambanda, kweza! Inu Phewa losatopa! Inu Ngwazi yopanda mkondo, amene dzina la sitima yanu lero ndi nyota ya olimba mtima, Order of Mendi, yovekedwa ndi Pulezidenti! Inu amene tsiku lanu lomira ndilo tsiku la asilikali a dziko lino!

A kwathu a ku Rosettenville, a ku Yeoville, a ku Diepsloot, foni imene imakulozerani njira ya ku ganyu iuzeni ikulozereni Avalon. Pa 21 Febuluwale kwerani takisi ya ku Soweto, mukaime pamwalapo, musankhe dzina limodzi, mulitchule mokweza.