Mizere ya m'mimba mwa mfuti: Ndime 8 ndi 9 za Pangano la Brussels

Pa 2 Julaye 1890, nthumwi za mayiko 17 zidasaina pangano mumzinda wa Brussels lofuna kuthetsa malonda a akapolo mu Africa. Lili ndi ndime 100. Ziwiri mwa izo, ya 8 ndi ya 9, zimakamba za mfuti, ndipo ife a kwa Malenga Chanzi ku Nkhotakota tiyenera kuziwerenga mofatsa, pakuti mwa osainawo mudalinso nthumwi ya Sultani wa Zanzibar, yemwe mbendera yake inkapepera ku Linga kwa Jumbe, mkulu wa amalonda a akapolo pagombe pano.

Ndime 8 imayamba ndi chifukwa, lamulo likubwera pambuyo. Imati zimene mayiko oyenderana ndi Africa adaona zasonyeza kuti mfuti ndizo zikukolezera malonda a akapolo ndi nkhondo za pakati pa mitundu, ndipo anthu a kuno sangapulumuke ngati malonda a mfuti saletsedwa. Mawuwa si bodza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika pagombe pano m'dziko la Achewa, mfuti ndi wonga zinkalowa, minyanga ndi anthu zinkawoloka nyanja pazombo kulowera ku Kilwa. David Livingstone adadziwonera yekha atafika kuno mu 1861 ndi 1863. Koma taonani amene akuchitira umboni m'chiganizochi: ndi mayiko akunja okhaokha. Mchewa amene mudzi wake udatenthedwa sadafunsidwe, iye ndi woti ena amusunge. Nazo mfuti zikulowa m'nkhaniyi ngati zidadziyendera zokha. Wozisula satchulidwa, wozigulitsa satchulidwa, chonsecho zambiri zinkachokera ku Birmingham ndi ku Liège, mzinda wa m'dziko la Belgium lomwelo kumene msonkhano unkachitikira.

Dera loletsedwa adalilemba ndi mizere ya pamapu: kuchokera pa madigiri 20 kumpoto mpaka madigiri 22 kummwera. Nkhotakota, pa madigiri pafupifupi 13, ili m'kati mwenimweni. Mzere wa kummwerawo umadutsa chakufupi ndi pamene pali Beitbridge lero, ndiye kuti Cape, Natal ndi Transvaal, kumene Azungu adali atakhazikika kale, zidatsala kunja.

Pamene pagona nkhani ndi pa mawu akuti choletsedwa makamaka ndi mfuti za mizere ndi zina zamakono. Gogodela ili ndi mpope wosalala m'kati. Mlenje amathira wonga kukamwa kwake, kuikamo chipolopolo nkutsendera. Chikatuluka chimayenda chogwedera, ndipo patali pang'ono chimalowera kumene chafuna. Mfuti ya mizere ili ndi tingalande tozokotedwa m'kati mwa mpope, toyenda mopotana kuchokera kumbuyo kukafika kukamwa. Chipolopolo chimagwira tingalandeto nkutuluka chikuzungulira ngati nguli, choncho chimalunjika mtunda wautali. Snider ya asilikali a Britain idali ndi tingalande titatu, Martini-Henry idali ndi 7.

Kuzokota kumeneku kumafuna chipangizo chakechake. Mpope amaumanga kuti usasunthe, kampeni kolimba kamakokedwa ndi ndodo yachitsulo yomwe imapotoka ikamayenda, nkumapala pang'onopang'ono, kenako amatembenuza mwa muyeso kuti ayambe ngalande ina. Amisiri a mfuti masiku ano amazokotanso ngalande kunja kwa mpope ndi pa bawuti kuti mfuti ipepuke ndi kuzizira msanga, koma zimene zimasankha kuti chipolopolo chikafika pati ndi za m'katizo. Mmisiri wa pachipala, wa mvukuto, nyundo ndi tupa, ankatha kukonza gogodela ndi kusula zipolopolo zake. Mizere yolingana ndi makatiriji a mkuwa sakadazitha. Malire a lamulo adagwera ndendende pamene luso la pachipala linkathera, ndipo ine ndikuona kuti apa ndi pamene mphamvu ya ndimeyi idali: zimene adaletsa zidali zosatheka kupangira kuno.

Ndime 9 ndi yaitali, ndipo imalankhula ngati kalaliki wa kasitomu. Mfuti iliyonse yolowa isungidwe m'nyumba ya katundu yoyang'aniridwa ndi boma. Ya mizere, yoikira chipolopolo kumbuyo, kapena yonyamula zipolopolo zingapo isatulutsidwe kukagulitsa. Yololedwa pamsika ndi yosalala m'kati, yoyatsa ndi mwala, pamodzi ndi wonga wamba, ndipo ngakhale imeneyo isagulitsidwe m'madera momwe muli malonda a akapolo. Wosankha kuti dera lakutilakuti lili m'gulu limeneli ndi boma lomwelo losunga makiyi.

Kenako ndimeyi imatsekula makomo awiri. Loyamba ndi la munthu amene wakhutiritsa boma kuti sadzapatsa kapena kugulitsa mfuti yake kwa wina, ndiponso wapaulendo wonyamula kalata ya boma la kwawo yonena kuti chidacho nchodzitetezera. Mfuti yake idindidwe chizindikiro, ilembedwe m'kaundula, iye alandire chiphaso cha zaka 5. Palibe pamene khungu latchulidwa. Sipadafunikenso kulitchula: mu 1890, ndani wa m'mbali mwa nyanja ino akadatulutsa kalata ya boma la kwawo? Khomo lachiwiri ndi lalikulu koposa, ndipo alembi adalidutsa mwachangu: zimene maboma angachite popereka zida kwa asilikali awo sizikhudzidwa ndi chiletsochi.

Zimene zidatsatira panyanja pano zidalowera pakhomo lachiwirilo. Harry Johnston, nthumwi ya Britain, adapangana ndi Jumbe Tawakali Sudi mu 1889, Britain idalengeza ulamuliro wake mu 1891, ndipo chaka chomwecho adafika asilikali achi Sikh ochokera ku India. Mu 1893 sitima za nkhondo zidayamba kuyenda panyanja. Tawakali Sudi atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake sadakhalitse, adachotsedwa nkutumizidwa ku Zanzibar. Mlozi, wogulitsa akapolo wina, adanyongedwa ku Karonga mu Disembala 1895. Magoli adatha, ndipo palibe mwana wa kuno angalire kuti adatha. Koma mfuti zomwezo ndizo zidaima kumbuyo kwa wotolera msonkho wa nyumba, ndipo pa zimenezo ndime ziwirizi zili chete, chifukwa zimaopa mfuti m'manja mwa wogulitsa akapolo ndi mwa mfumu yolimbana ndi inzake, osati m'manja mwa amene adazilemba.

Ndime 14 idati dongosololi liyambe ndi zaka 12. Mu 1919, ku Saint-Germain-en-Laye, mayiko adalembanso pangano lina la malonda a zida, ndipo Africa yense adaikidwa m'dera loletsedwa, kupatula Algeria, Libya ndi South Africa.