Chingerezi cha Kamkwamba cha ku Arusha

Pa intaneti pali makanema awiri a William Kamkwamba akuyankhula pamisonkhano ya TED, wina wa 2007 ku Arusha, m'dziko la Tanzania, wina wa 2009 ku Oxford. Aphunzitsi anzanga amakonda kuonetsa ana wachiwiriyu. Ine ndimatsutsana nawo.

Ku Oxford Kamkwamba akuyankhula yekha, mawu atawakonza bwino, nthabwala zikugwa pamalo pake. Ndi zokoma ndithu, koma mwana wa Fomu 2 akaonera amangoti awo ndi anzathu odala. Saona njira yomwe munthuyo adadzera.

Ku Arusha ndi kwina. Mnyamata wa zaka 19 wochokera ku Wimbe, m'boma la Kasungu, waima pambali pa Chris Anderson, yemwe akumufunsa mafunso. Mayankho ndi afupiafupi, galamala ikutsimphina, mawu ena akumuthawa. Iye mwini adadzaulula ku Oxford kuti tsiku limenelo mantha adamugwira poona azungu ochuluka chotero, Chingerezi n'kumubalalikira. Komabe tamverani zomwe zikuchitika funso likafika pa makina ake opanga magetsi ndi mphepo. Akuyankha mosajejema, chifukwa fulemu ya njinga ndi mapaipi apulasitiki adazimanga ndi manja ake. M'holo monsemo palibe wodziwa makinawo kuposa iye. Ngakhale buku la Using Energy, lomwe adalipeza mulaibulale, adalimva kwambiri kudzera m'zithunzi, Chingerezi chikubwera pambuyo.

Kanemayu sindikumuyeretsa. Anderson akumutsogolera kwambiri, mafunso ena ndi ongofuna "inde", ndipo m'manja mwina momwe akuwomba anthu ndimamvamo kachisoni kochitira mwana wosauka. Koma palibe akumudula pakamwa kuti akonze verebu. Akumudikira amalize.

Ife kudikira kumeneku sitidakuphunzire. Kusekondale komwe ndidaphunzira, wogwidwa akuyankhula Chichewa ankavekedwa kachikwangwani m'khosi mpaka atagwira mnzake. Ukayesa Chingerezi n'kuphonya, kalasi yonse inkafa ndi phwete, mphunzitsi akutsogolera. Tidatulukamo odziwa kulemba kalata yofunsira ntchito yopanda cholakwa, koma pamaso pa wotifunsa ntchitoyo lilime gwa. N'zosadabwitsa: mayeso a MSCE, omwe satifiketi yake suipata ukalephera Chingerezi, amayesa cholembera, osati pakamwa.

Mu 2019 mudatuluka filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind. Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain, adasewera ngati bambo ake a William, ndipo Maxwell Simba, wa ku Kenya, ngati William. Chichewa chawo chidatikwiyitsa ambiri, inenso ndidang'ung'udza. Koma anthu amenewa adaima pamaso pa dziko lonse ndi chiyankhulo chobwereka, chokhota, osabisa nkhope. Ana anga a m'kalasi amaopa kutero pamaso pa anzawo okhala nawo desiki imodzi.

Sabata yatha ndidawaonetsa kanema wa ku Arusha pafoni. Poyamba adaseka, monga tidawaphunzitsira. Kenaka kudati zii. Mtsikana wina amene chaka chonse sadakwezepo dzanja adafunsa, m'Chingerezi chothyokathyoka, chifukwa chomwe makinawo ali ndi mapeni anayi osati atatu. Ndidamva zolakwa ziwiri m'funso lakelo, choko chili kale m'manja. Ndidachiika pansi n'kufunsa kalasi ngati pali wodziwa yankho.