Luso la Kukoka Mkuwa, kuchokera ku Ingombe Ilede kufika ku Kilwa

Iye amene amadutsa mumsewu wa Alick Nkhata ku Lusaka, m'mbali mwa Kalingalinga, naona amisiri akuwotcherera zitseko ndi mageti pakati pa fumbi ndi moto wothetheka, akadachita bwino kudziwa kuti ntchito ya zitsulo m'dziko muno inali ndi ambuye ake kalekale, pamene zombo zinali kutsata mphepo za nyengo pakati pa India, Arabia ndi gombe la Africa. Mu 1960, anthu okumba pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira m'Zambezi, anapeza manda okhala ndi mikanda ya golide, mikanda yagalasi ya kutsidya la nyanja, mitanda ya mkuwa, ndiponso, chimene ine ndichiyesa choposa zonsezo, zipangizo zokokera waya.

Kukoka waya ndi luso losabisa chinyengo. Wosula amasongola nsonga ya mkuwa, naipisa pa kabowo ka chitsulo, naigwira ndi mbaniro, nakoka. Ndipo mkuwawo ukaumirira amaubwezera pamoto kuti ufewe, asanaupise pa kabowo kocheperapo, kufikira utawonda koyenera kukulungidwa kukhala chibangiri. Akafulumira, uduka, akaleka kuutenthetsa, ung'aluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wowotcherera wa masiku ano, ndinene mosapsatira, angathe kuphimba mfundo yofooka ndi penti, koma waya wopyapyala alibe pobisala.

Mikanda ya kutsidya la nyanja ija inabwera ndi malonda. Malonda a kumtunda anali kutsikira ku Sofala, ndipo Kilwa, chisumbu chaching'ono chimene chinagwira doko limenelo m'dzanja lake, chinalemera kotero kuti woyenda maulendo Ibn Battuta, atafikako mu 1331, anachitamanda, pamene Sultan al-Hasan ibn Sulaiman anali kumanga nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa ndi miyala ya m'nyanja. Apwitikizi, poona ulemerero wotere, anayesa kuti wolanda chisumbu walanda chuma chonse. Chotero Francisco de Almeida anagonjetsa Kilwa mu 1505, namangapo linga, monganso anzake anachita ku Sofala chaka chomwecho. Koma golide sanali kumera pachisumbupo: amalonda anapatukira njira zina, makamaka ya ku Angoche ndi Zambezi, ndipo pofika 1512 linga la Kilwa linasiyidwa, Apwitikiziwo nayamba kuyang'ana kumtunda, kumene pambuyo pake anakhazikika ku Sena ndi Tete.